Tikumbukire Lottie Mwale, Gunduzani wa ku Kitwe

M'danga lino lokumbukira anthu amene anatsogola, lero tikamba za munthu amene dzina lake linali pakamwa pa aliyense m'Zambia muno m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Munthuyo ndi Lottie Mwale, katswiri wa nkhonya wobadwira ku Kitwe, amene anthu anam'patsa dzina lakuti Gunduzani. Anabadwa pa 14 Epulo 1952 ndipo anamwalira ku Lusaka pa 18 Okutobala 2005, ali ndi zaka 53.

Ana athu a masiku ano amadziwa maina a zimphona za ku America zimene zimagwetsana pa TV, ndipo akaweruka kusukulu amayesezera zimene aonazo kuseri kwa nyumba mpaka wina kubinya dzanja. Koma mukawafunsa za Gunduzani, ambiri amangoyang'anana. Ife tiona kuti mbiri ya munthu ameneyu ndi yofunika kwa mlimi ndi kwa Mkhristu aliyense, cifukwa ikamba za cinthu cimene tonse ticidziwa. Munthu amene amadyera mphamvu za thupi lake ali ndi nyengo yocepa yokolola. Pafunika wina womuthandiza poyamba, ndipo nyengoyo ikatha pafunika nkhokwe ndi abale.

Kumenyana kunasanduka bwanji nchito

Kulimbana si cinthu cacilendo kwa ife. Aliyense amene anabusako ng'ombe kapena mbuzi akumbukira mmene anyamata anali kugwetsana kudambo, kuti adziwike wamphamvu amene azituma anzake kukabweza ziweto. Panalibe ndalama, panalibe tikiti, ndipo dzuwa likapendeka onse anali kubwerera kumudzi pamodzi. Cimene cinabwera ndi azungu ndi kumenyana kolipidwa, kumene anthu amapereka ndalama pakhomo kuti aonerere amuna awiri m'bwalo lozingidwa ndi zingwe.

Mwambo umenewu unakula ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1800. Ku England, m'dera la Lancashire, anthu okumba malasha ndi ogwira nchito m'mafakitale a nsalu anali kugwetsana pobecherana ndalama akaweruka. Ndiye kuti kuyambira kale masewera otere anali kumera bwino pakati pa anthu osauka a kumigodi, monga mmene anadzamerera kuno kwathu. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, akatswiri ogwetsana anali ochuka kwambiri. George Hackenschmidt, wobadwira ku Estonia, anali kudzaza maholo a ku London, ndipo mu 1908 anagonja kwa Frank Gotch, mwana wa mlimi wa ku Iowa, mumzinda wa Chicago ku America. Atakumananso mumzinda womwewo mu 1911, anthu oposa 25,000 analipira kuti akaonerere.

Koma kugwetsana kwenikweni kumacedwa. Ulendo woyamba Gotch ndi Hackenschmidt anatha maola awiri, nthawi yambiri atangogwirana ciimirire. Eni mabwalo anaona kuti oonerera amatopa, motero pofika m'zaka za m'ma 1920 cinali cizolowezi kupangana pasadakhale amene adzapambana ndiponso mmene adzagwetsere mnzake. Kugwetsana kwa ndalama kunasanduka sewero. Mu 1989 kampani yaikulu ya masewerawa ku America inavomera pamaso pa opanga malamulo a ku New Jersey kuti zimene imaonetsa ndi zosangalatsa anthu cabe. Makolo, auzeni ana zimenezi. Ogwetsana a pa TV amavulala ndithu, koma anaphunzira kagwedwe kwa zaka zambiri, ndipo wopambana amakhala atadziwika kale.

Nkhonya zinatsata njira ina. Malamulo a Queensberry, amene anasindikizidwa ku England mu 1867, anakhazikitsa magolovesi, maraundi a mphindi zitatu, ndi kuwerenga mpaka 10 munthu akagwa. Kuno kwathu masewera awiriwa ali pansi pa lamulo limodzi ndi bungwe limodzi, la Zambia Professional Boxing and Wrestling Control Board. Pa awiriwa, Lottie Mwale anasankha amene wopambana wake sadziwika kufikira wina atagwa kapena belu lomaliza litalira.

Kitwe imene inam'lera

Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa kopa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa pafupi nawo mu 1936. Ndola inalipo kale, monga boma ndi malo a sitima ya pamtunda. Ku matauni amenewa kunakhamukira anthu a mitundu yonse: a ku Luapula ndi kumpoto, a ku Bulozi, a ku Nyasaland ndi Tanganyika, ndiponso a kwathu kum'mawa, ocokera ku Fort Jameson, Petauke ndi Lundazi. N'cifukwa cake dzina ngati la Mwale, limene timalimva kwambiri kum'mawa, silinali lacilendo m'makomboni a Wusakile, Chamboli ndi Mindolo, ngakhale kuti cinenero ca pamsewu cinali Cibemba.

Makampani a migodi anamanga maholo a zacisangalalo, mabwalo a mpira ndi makalabu a masewera m'makomboni onse akuluakulu. Tisanamizane kuti anacita izi cifukwa ca cikondi cokha. Pambuyo pa sitalaka za anchito a m'migodi za mu 1935 ndi 1940, azungu anazindikira kuti mnyamata wopanda cocita madzulo amathera kumowa kapena kumisonkhano imene iwo anali kuiopa. Anafunanso anchito athanzi. Koma kaya colinga cao cinali cotani, phindu kwa mwana wa m'komboni linali lalikulu. Anali kupeza mphunzitsi, thumba lomenya, cingwe columpha ndi magolovesi, atate ake osatulutsa ndalama m'thumba. Koposa zonse anali kupeza munthu wamkulu womuuza nthawi yofika, nthawi yothamanga ndi nthawi yogona.

Lottie Mwale anakulira m'Kitwe ya mtundu umenewu, ndipo ndi kumeneko kumene anayambira nkhonya. Pamene dziko linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964 anali mnyamata wa zaka 12. Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Mphatso anali nayo yobadwa nayo, koma mbewu yabwino ikagwera pathanthwe siphuka. Iye anagwera pa nthaka yolimidwa kale, pamene panali akatswiri om'tsogolera ndi anzake opikisana nao sabata ndi sabata, kucokera ku Ndola, Mufulira, Luanshya ndi Chingola.

Golide ya ku Christchurch

Dziko la Zambia linali litayamba kale kudziwika pa nkhonya. Mu 1970, pa masewera a maiko a Commonwealth ku Edinburgh, Julius Luipa anabwera ndi mendulo ya siliva. Patapita zaka zinai, kuciyambi kwa 1974, masewerawo anacitikira ku Christchurch m'dziko la New Zealand. Luipa anatenganso siliva, koma Mwale, amene anamenya m'gulu la anthu osapitirira makilogalamu 71, anagonjetsa onse amene anakumana nao, womaliza wake Alex Harrison wa ku Scotland, ndi kutenga golide. Imeneyi inali golide yoyamba ya Zambia pa masewerawa kucokera pamene tinalandira ufulu. Anali ndi zaka 21.

Caka ca 1974 cinali ca cimwemwe kwa okonda masewera. M'mwezi wa Marichi timu yathu ya mpira inafika mu ndime yomaliza ya cikho ca Africa ku Cairo, kumene inagonja kwa Zaire pa masewero obwereza. Pa 30 Okutobala, Muhammad Ali anagwetsa George Foreman ku Kinshasa, likulu la dziko limene malire ake ali pafupi ndi Ndola ndi Mufulira. Mnyamata aliyense wa ku Migodi anafuna kukhala wankhonya, ndipo tsopano anali ndi citsanzo ca pakhomo pomwe.

Cotsatira cikanakhala masewera a Olimpiki a mu 1976 ku Montreal. Koma Zambia, pamodzi ndi maiko ena oposa 20 a mu Africa, inanyanyala masewerawo cifukwa timu ya rugby ya New Zealand inali itapita kukasewera ku South Africa, dziko la tsankho panthawiyo. Cifukwa cake cinali comveka, ndipo ife amene tinasunga othawa nkhondo a kum'mwera sitingacitsutse. Komabe mtengo wake anaulipira anyamata amene anali pa msinkhu wao weniweni caka cimeneco. Mendulo yoyamba ya Zambia pa Olimpiki inadikira mpaka 1984, pamene Keith Mwila, wankhonya mnzake, anatenga ya buronzi ku Los Angeles.

Kulowa nkhonya za ndalama

Mu 1977 Mwale analowa nkhonya za ndalama. Tifotokoze kusiyana kwake. Womenyera mendulo anali kumenya maraundi atatu okha. Womenyera ndalama masiku amenewo, akamalimbirana lamba, anali kumenya mpaka maraundi 15, mphindi 45 za zibakera. Ndalama imene imalengezedwa si yonse imalowa m'thumba lake. Pamakhala gawo la manijala, gawo la mphunzitsi, zolipira anzake oyeserera nao, ndiponso msonkho. Zifanana ndi mlimi wa fodya kapena thonje amene amamva mtengo wabwino pa wailesi, koma akacotsa ngongole ya feteleza, aganyu ndi thiransipoti, amabwerera kumudzi ndi zocepa.

Mwale anamenya m'gulu la light heavyweight, la anthu osapitirira makilogalamu 79. Posakhalitsa anapita ku London, kumene anaphunzitsidwa ndi George Francis, mphunzitsi amene anathandizanso John Conteh wa ku England ndi John Mugabi wa ku Uganda.

Caka ca 1978 ndico cinam'dziwitsa ku dziko lonse. M'mwezi wa Meyi anapita ku Leicester kukamenyana ndi Tony Sibson, mnyamata wa komweko amene anali asanagonjepo. Pamaso pa anthu a kwao, Sibson anagwa mu raundi yoyamba. Sibson sanali munthu wamba, cifukwa pambuyo pake anakhala katswiri wa Britain ndi wa Ulaya, ndipo mu 1983 analimbirana lamba wa dziko lonse ndi Marvin Hagler. M'mwezi wotsatira, wa Juni, Mwale anali ku Belgrade m'dziko limene panthawiyo linali Yugoslavia, kumene anapambana Marvin Johnson wa ku America pa mapointi. Tamverani izi: m'mwezi wa Disembala caka comweco, Johnson yemweyo anatenga lamba wa dziko lonse wa bungwe la WBC. Ndiye kuti mwana wa ku Kitwe anali atagonjetsa munthu amene patangopita miyezi isanu ndi umodzi anakhala mfumu ya gulu lonselo.

M'mwezi wa Marichi 1979, ku Lusaka, Mwale anagonjetsa Gary Summerhays wa ku Canada ndi kutenga lamba wa Commonwealth. Anatenganso lamba wa Africa. Masiku amenewo mtengo wa kopa unali utagwa kale kuyambira mu 1975, ndipo m'masitolo munali mizere ya sopo, saladi ndi shuga. Anthu anali ndi zocepa zosangalalira. Gunduzani akamamenya, m'makomboni ndi m'midzi anthu anali kuunjikana pa wailesi imodzi, ndipo kwa maola ocepawo Mubemba, Mlozi, Mtonga ndi Mcewa anali kukuwa dzina limodzi.

Usiku wa ku San Diego

Pa 28 Novembala 1980 unafika mwai umene wankhonya aliyense amaulota. Mwale, asanagonjepo ngakhale kamodzi m'nkhonya za ndalama, analowa m'zingwe mumzinda wa San Diego ku America kukalimbirana lamba wa dziko lonse wa WBC. Mwini lambayo anali Matthew Saad Muhammad, amene anaulanda kwa Marvin Johnson uja mu Epulo 1979.

Mbiri ya munthu ameneyu ndi yoyenera kuimva. Ali kamwana ka zaka pafupifupi zisanu anatayidwa pamsewu mumzinda wa Philadelphia. Masisitere a Cikatolika amene anamusunga anam'patsa dzina la Matthew, la Mateyu Woyera, ndi la Franklin, la msewu umene anam'tolapo. Atakula analowa Cisilamu ndi kusintha dzina. M'zingwe anali kudziwika ndi cinthu cimodzi: anali kulandira zibakera zimene zikanagoneka wina aliyense, kenaka n'kudzuka ndi kumaliza mnzake. Motero usiku umenewo munali ana awiri a anthu osauka, wina wa m'komboni ya kumigodi, wina wa m'nyumba ya ana amasiye, aliyense atanyamula ciyembekezo ca anthu ake.

Mwale anayamba bwino, koma mu raundi yacinai cibakera ca Saad Muhammad cinam'peza, ndipo anagwa osathanso kupitiriza. Cakudza siciimba ng'oma. Nchito ya zaka zambiri, kuthamanga mbandakuca, kudziletsa pa zakudya, kukhala kutali ndi banja ku dziko lozizira, zonsezo zinathera mu kamphindi kamodzi. Mlimi amene anaonapo cimanga cake cikupsa ndi dzuwa la mu Febuluwale citayamba kale ngaiyaye adziwa kuwawa kwake.

Ena masiku amenewo ananyoza, monga ticitira nthawi zonse munthu wathu akagwa. Koma tiyeni tiike zinthu pa sikelo. Gulu la light heavyweight panthawiyo linali ndi akatswiri oopsa monga Michael Spinks, Eddie Mustafa Muhammad ndi Dwight Braxton. Kufika pa khomo la lamba wa dziko lonse pakati pa anthu otere, ucokera m'dziko lopanda zipangizo zokwanira, sicinali cinthu capafupi.

Zaka za kutsetsereka

Mwale sanasiye. Anasunga lamba wa Commonwealth kwa zaka zisanu ndi cimodzi. Kuno kwathu okalamba akumbukirabe nkhonya zake ndi Chisanda Mutti, Mzambia mnzake wolimba kwambiri, amene anayesa kumulanda lambayo koma analephera. Mutti naye sanali wocepa. Mu Okutobala 1985 ku Monaco analimbirana lamba wa dziko lonse ndi Lee Roy Murphy, ndipo mu raundi ya 12 onse awiri anagwa nthawi imodzi, koma amene anadzuka m'nthawi yake anali Murphy.

Mu 1982 Mwale anagonja kwa Eddie Mustafa Muhammad ku Las Vegas. Mu 1985 anataya lamba wa Commonwealth kwa Leslie Stewart ku Trinidad. Anali ndi zaka 33, msinkhu umene ankhonya ambiri amayamba kuganiza zopuma. Iye anapitiriza. Mu 1990 anagonjetsa Ray Acquaye wa ku Ghana ndi kutenga lamba wa WBC International, umene ndi wocepa poyerekeza ndi wa dziko lonse. Mu 1992, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 40, anapitanso ku America kukakumana ndi Virgil Hill, munthu wa zaka 28, ndipo anagonja. Kumapeto kwake anagonjanso pakhomo kwa Mike Chilambe, wa m'badwo wotsatira. Pa nkhonya zake zonse za ndalama anapambana 44 ndi kugonja 9.

Sitingalowe mumtima mwa munthu amene anagona kale kuti tinene cimene cinam'sunga m'zingwe nthawi yaitali conco. Koma tidziwa mmene nchito iyi ilili kulikonse. Wankhonya alibe penshoni. Amalandira tsiku limene wamenya, ndipo akasiya, ndalama nazo zimasiya. Tidziwanso zimene zinacitikira kwaca. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mitengo ya zinthu inali kukwera ndi maperesenti oposa 100 pa caka, kotero kuti aliyense amene anasunga ndalama za m'ma 1970 ndi 1980 ku banki, kaya mphunzitsi, wa mumgodi kapena wa masewera, anaona cuma cake cikusungunuka ngati mcere m'madzi. Palinso cina: munthu amene anazolowera kuti bwalo lonse liimbe dzina lake savutika pang'ono kukhala cete pakhonde.

Matenda ndi imfa

M'zaka zake zomaliza Mwale anadwala matenda a Parkinson. Tikambepo pang'ono, cifukwa matendawa alipo m'midzi ndi m'maparishi mwathu ngakhale kuti ambiri sawadziwa dzina. Amagwira ubongo, mbali imene imalamulira kayendedwe ka thupi. Manja amayamba kunjenjemera munthu atangokhala, thupi limauma, mayendedwe amacepa, mau amatsika ndipo nkhope imaoneka ngati yosasangalala. Si ufiti, si mowa, ndipo sapatsirana. Mankhwala ocizira sanapezeke, koma alipo ocepetsa zizindikiro, ndipo munthu akapita msanga kucipatala angathe kukhala zaka zambiri akudzithandiza yekha.

Matendawa amagwiranso anthu amene sanavalepo golovesi. Komabe madokotala amacenjeza kuti kumenyedwa kumutu kawirikawiri kwa zaka zambiri kumaononga ubongo pang'onopang'ono. Muhammad Ali anapezeka ndi matenda omwewa mu 1984 ndipo anakhala nao mpaka imfa yake mu 2016. Ngozi za m'zingwe ndizo zinacititsa kuti maraundi a nkhonya za lamba acepetsedwe kucoka pa 15 kufika pa 12, Kim Duk-koo wa ku South Korea atamwalira mu Novembala 1982 ndi zilonda za m'mutu zimene anazipeza pomenyana ku Las Vegas.

Munthu amene manja ake anagwetsa zimphona ku Leicester ndi ku Lusaka anafika povutika kulamulira manja omwewo. Sanamwalire ali wolemera, ndipo khamu limene linali kumuimbira silinaonekenso pa nthawi ya kudwala monga linali kuonekera pa nthawi ya cipambano. Mnzake wa ku San Diego uja sanathe bwino kuposa iye. Saad Muhammad, amene anapata ndalama zambiri ku America, anafika pogona m'nyumba yosungira anthu osowa pokhala ku Philadelphia, ndipo anamwalira mu 2014 ndi matenda ena a mitsempha. Wopambana ndi wogonja a usiku umodzi anathera pa njira yofanana.

Zimene atisiyira

M'Baibulo timawerenga za Yakobo amene analimbana usiku wonse pa mtsinje wa Yaboki. Analandira dalitso, koma anacoka akutsimphina. Ndi mmene zilili ndi aliyense wogwira nchito ndi thupi. Wa mumgodi amatuluka ndi cifuwa ca fumbi, mlimi ndi msana, wankhonya ndi mutu. Kusiyana kwake n'kwakuti wankhonya timamuombera m'manja pamene akuvulala, ndipo pa cifukwa ici tili naye ngongole.

Njira imene Mwale anatsegula sinatsekeke. Kennedy Kanyanta anatenga golide ya Commonwealth ku Manchester mu 2002. Esther Phiri anaonetsa kuti naye mwana wamkazi wa m'komboni angathe kudzaza bwalo, ndipo mu 2016 Catherine Phiri anakatenga ku Mexico lamba wa dziko lonse wa WBC, bungwe lomwe lija limene lamba wake unam'phonya Gunduzani. Koma nthaka imene inamera Mwale inasintha. Migodi imene inali pansi pa ZCCM kuyambira mu 1982 inagulitsidwa, nchitoyo n'kutha mu 2000, ndipo makalabu ambiri a masewera m'makomboni anatsala opanda owasamalira. Ku Ndola kuli bwalo lalikulu la Levy Mwanawasa limene linatsegulidwa mu 2012, koma katswiri sayambira m'bwalo lalikulu. Amayambira mu kaholo ka pafupi ndi kwao.

Apa ndi pamene ife a m'mipingo tibwerapo. M'maparishi ambiri a ku Kitwe, Ndola ndi kumidzi muli maholo amene amakhala okhoma kuyambira Lolemba mpaka Lacisanu, pamene anyamata ali pa tarveni ndi pa nyumba zobecherana mpira. Sitikunena kuti parishi iliyonse iyambe nkhonya, ndipo tilemekeza Akhristu amene cikumbumtima cao sicilola masewera omenyana. Masewera alipo ambiri. Cofunika ndi cija cimene mwana wa ku Kitwe anapeza: malo, nthawi yoikika, ndi munthu wamkulu womuyang'anira.

Kwa makolo amene mwana wao wasankha nkhonya, tipempha zinthu zinai. Asasiye sukulu kapena luso la manja, cifukwa zaka zomenya ndi zocepa ndipo zotsala ndi zambiri. Asalowe m'zingwe popanda kupimidwa ndi dokotala, ndipo akagwetsedwa ndi cibakera ca kumutu apumule nthawi yonse imene malamulo anena, ngakhale wokonza nkhonya atabwera ndi ndalama m'manja. Asasaine pepala lililonse limene munthu wodziwa malamulo sanaliwerenge. Ndipo pa ndalama iliyonse imene walandira, gawo lilowe m'cinthu cooneka, kaya munda, ng'ombe kapena nyumba, monga mlimi wanzeru amene amayamba wadzaza nkhokwe asanapite ku msika.

Kwa ife tonse, m'miphakati ndi m'mabungwe a acifundo, tiyang'ane m'makomboni mwathu. Muli okalamba amene kale anavala yunifomu ya dziko, ankhonya, a mpira ndi othamanga, amene lero akhala kuseri kwa nyumba osowa owayendera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo banja lokha silingathe kusenza matenda a zaka zambiri. Tisadikire tsiku la maliro kuti tikalankhule zabwino pa bokosi. Thumba la ufa, ulendo wa ku cipatala, ngakhale kungokhala nao ola limodzi kumvera nkhani zao zakale, ndi zinthu zimene mphakati uliwonse ungathe.

Lottie Mwale anapatsa dziko lino golide yake yoyamba ya Commonwealth, anasunga lamba zaka zisanu ndi cimodzi, ndipo anaimirira pa khomo la ufumu wa dziko lonse. Anapereka thupi lake lonse pa nchitoyo. Ana athu ayenera kudziwa dzina lake, ndipo amene akutsata mapazi ake ayenera kupeza cisamaliro coposa cimene iye anapeza. Mzimu wa Gunduzani uuse mumtendere.